Bwalo la amayi lisakhale la oitanidwa okha

Chaka ndi chaka, mwezi wa Marichi ukamayandikira, ndiponso m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene timakumbukira amayi otibala ndi kudzudzula nkhanza za m'banja, m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, pamodzi ndi m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima, mumamveka mbiri ya misonkhano ya amayi. Ndipo ngakhale maina a misonkhanoyo amasiyana, nkhani zake zimakhala zitatu zomwe zija, ndizo utsogoleri, malonda, ndi umoyo wa thupi ndi wa mtima. Ine ndili mmodzi wa iwo amene amakondwera nayo misonkhano imeneyi, ndipo sindifuna kuti mawu anga asanduke ndodo m'manja mwa abambo ena aja amene, akaona amayi atasonkhana, amangoti kwachuluka miseche. Koma popeza wakutsina khutu ndi mnansi, ndiyenera kunena poyera chimene chikundiwawa mumtima, chakuti bwalo limene linayenera kukhala la amayi onse a dziko lino likunka lisanduka la amayi owerengeka, odziwa Chingerezi ndi okhoza kugula tikiti ya pakhomo, pamene mwini mlandu weniweni, mayi wa kumudzi ndi wa pamsika, amangotchulidwa dzina iye kulibe.

Tiyambe tayamika, pakuti iye amene anena kuti kusonkhana kwa amayi sikunapindule kanthu sanatsate bwino mbiri. Mu 1975 maiko a dziko lapansi anachita msonkhano wawo woyamba wa za amayi ku Mexico City. Mu 1985 anakumana ku Nairobi. Ndipo mu 1995 kunali msonkhano waukulu uja wa ku Beijing, umene mlembi wake wamkulu anali mnansi wathu wa ku Tanzania, Mayi Gertrude Mongella. Mu 2003 atsogoleri a mu Africa anavomerezana ku Maputo za pangano la ufulu wa amayi. Zimene zinanenedwa kutaliko zinayenda pang'onopang'ono, zikunyozedwa m'njira monse, kufikira zinalowa m'Nyumba ya Malamulo yathu: mu 2006 tinalandira lamulo loletsa nkhanza za m'banja, mu 2011 lamulo la chuma cha masiye, limene limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu, mu 2013 lamulo losasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti mwana wosakwana zaka 18 asalowetsedwe m'banja. Mkazi wamasiye amene lero akhoza kuimirira pamaso pa abale a malemu mwamuna wake, nakana kuti malata a nyumba yake asasulidwe, akudya zipatso za misonkhano imene iye sanaimve n'komwe.

Koma tiyeni tione chimene chinaipatsa mphamvu misonkhano imeneyo. Amayiwo ankapita kumeneko atanyamula mlandu, ndipo ankadziwa amene anayenera kuuyankha. Timawerenga m'Malembo za ana aakazi asanu a Tselofekadi, amene atate wawo atamwalira osasiya mwana wamwamuna, anakaima pakhomo pa chihema, pamaso pa Mose ndi akulu onse a khamulo, napempha cholowa cha atate wawo. Ndipo chifukwa cha pempho limodzi lomveka bwino, lonenedwa pamaso pa oyenera kulimva, lamulo la cholowa la mtundu wonse linasinthika. Momwemonso Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo timaiona pa ndalama ya K200, posonkhanitsa amayi ku Zomba ndi ku Blantyre m'zaka za m'ma 1950, anawasonkhanitsira chinthu chodziwika, ndicho kukana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndipo mtengo wake anaulipira mu 1959, pamene anatsekeredwa m'ndende ali ndi khanda m'manja, nadzaulipiranso pambuyo pa mkangano wa nduna wa mu 1964, pokhala zaka pafupifupi 30 kunja kwa dziko lawo.

Misonkhano yambiri ya masiku ano imayenda mwa njira ina. Mlendo wolemekezeka amafika, nawerenga mawu otsegulira, nanyamuka kukagwira ntchito zina asanamve dandaulo ndi limodzi lomwe. Kenaka amayi amene zinthu zinawayendera bwino amaimirira mmodzimmodzi kufotokoza m'mene anakwerera, omvera naomba m'manja, najambulitsa zithunzi zokaika pa Facebook, nalandira zikalata zosonyeza kuti analipo. Chilimbikitso sichinyozedwa, pakuti mtsikana amene waona ndi maso ake mkazi woweruza milandu kapena woyendetsa banki amabwerera kwawo mtima utakula, ndipo ichi n'chuma ndithu. Komatu chilimbikitsocho chimagwera iwo amene ali kale pakhomo pa mwayi. Anthu oposa 80 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo ambiri mwa olima chakudya chimene timadya ndi amayi. Tikafunsa chifukwa chake m'chipindamo mulibe, amatiyankha kuti alipo owaimira. Makolo athu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Woimira mnzake, ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, amanena chimene iye wachiona kukhala chachikulu, ndipo kawirikawiri chimasiyana ndi chimene chimam'soweka tulo mwini wakeyo.

Pa nkhani ya malonda ndi pamene kusiyana kumeneku kumaonekera koposa. Taganizani za mayi wa geni ya tomato. Amadzuka tambala woyamba asanalire kuti akapikule ku Lizulu kapena ku Jenda tsiku la msika. Pobwerera amalipirira dengu lake pa lole monga alipirira munthu. Akafika pamsika, asanagulitse ndi mulu umodzi womwe, wa ziphaso wafika kale. Amayala thumba pansi, naunjika milu yake, naika wamkulu ndi wofiira pamwamba, wogula aliyense napempha basera. Tsiku lachitatu, dzuwa litam'phika, tomato uja wafewa, ndipo amam'gulitsa motaya kuti angopezako ya basi. Mwana akadwala usiku, kapena uthenga wa maliro ukabwera kuchokera kumudzi, ndalama imene imatuluka m'mfundo ya chitenje ndi mpamba womwewo, pakuti kwina kotapa kulibe. Mayi wotereyu safunika kuuzidwa kuti alimbe mtima, popeza pa kulimba mtima ndiye woyenera kutiphunzitsa tonsefe. Chimene chimam'sowa ndi mthunzi ndi benchi pamsika, madzi ndi chimbudzi choyenera munthu wamkazi, malo osungirako katundu usiku, ndiponso ngongole yosafuna chikole cha nyumba kapena chikalata cha malo, zinthu zimene iye alibe m'dzina lake. Akasowa zimenezi amagwa m'manja mwa wa katapila, amene amafuna theka lina pamwamba, mwinanso kuwirikiza, mwezi ukatha.

Anzake amene anakwerako pang'ono, okaoda nsalu ndi nsapato ku Dar es Salaam, ku Lusaka ndi ku Johannesburg, ali ndi mtanda wawo. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba umene anausonkhanitsa zaka zambiri unachepa usiku umodzi iwo ali m'tulo. Ndipo ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, amakazigula kumbali pa mtengo umene umadya phindu lonse asanakwere n'komwe basi. Kuyambira mu 2010 pa chipata cha Mchinji pakhala ndondomeko ya bungwe la COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono mapepala ndi msonkho pa katundu wina wopangidwa m'maiko a m'bungwelo. Koma mayi amene sanafotokozeredwe za ndondomekoyo m'chinenero chake amadzerabe njira za kutchire, kumene amalandidwa katundu, ndipo ena amachitidwa zinthu zimene sangazinene kwa amuna awo. Msonkhano wa malonda a amayi umene ungaitane akuluakulu a msonkho, a mabanki ndi a makhonsolo, n'kuwakhazika pansi tsiku lathunthu kuti ayankhe amayi ameneŵa maso ndi maso, ungachite zazikulu kuposa misonkhano khumi ya maumboni.

Ndiponso tisaiwale kuti amayi a kumudzi sanakhale manja lende kudikira ife. Amene anakhalapo pa banki mkhonde adziwa chimene ndikunena. Amayi khumi ndi asanu, kapena makumi awiri ndi mphambu, amakhala pamphasa mozungulira bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo likusungidwa ndi wachinayi, kuti pasakhale wolitsegula yekha. Wochedwa amaponya chindapusa m'mbale popanda kukangana. Aliyense amagula masheya monga mwa mphamvu yake, mlembi nadinda m'kabuku kake, owerenga ndalama awiri nawerenga mokweza kuti ngakhale wosadziwa kulemba amve; pambali pali kathumba ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro. Wofuna ngongole amanena pamaso pa onse chimene akufuna kuchita nayo. Chaka chikamatha amaswa bokosi nagawana, ndipo ndi ndalama imeneyo imene imagula feteleza, malata ndi yunifolomu. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, koma amayi athu anailandira naisandutsa yawoyawo. Ili ndi zilonda zake, ndipo sitiyenera kuzibisa: alipo amayi amene anakongola gulu ili kuti akabweze gulu lina, mapeto ake nalandidwa ziwiya ndi mbuzi, ena nathawa pakhomo chifukwa cha manyazi. Zilonda zimenezi ndizo zoyenera kuikidwa patsogolo pa msonkhano, msungichuma wa gulu la kumudzi ali pa gome lapamwamba, akufotokoza yekha m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ophunzira a m'tauni akulemba. Pamene Mayi Joyce Banda ndi anzawo anayambitsa bungwe la amayi a malonda la NABW cha m'ma 1990, dzina lake linamveka chifukwa linafikira amayi ang'onoang'ono ndi ngongole ndi maphunziro. Njira imeneyo sinakalambe.

Za utsogoleri sindichulutsa mawu, chifukwa manambala amanena okha. Dziko lino linakhala ndi mtsogoleri wamkazi, Mayi Joyce Banda, kuyambira mu Epulo 2012 mpaka mu 2014. Linaona Mayi Anastasia Msosa akukhala mkulu wa oweruza milandu mu 2013, ndi Mayi Catherine Gotani Hara akukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Komabe mwa mipando 193 ya aphungu, amayi anapeza yoposa 40 pang'ono mu 2009, natsikira pa 32 mu 2014, nabwerera pa 40 ndi mphambu mu 2019, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Chimene chimagwetsa amayi n'chodziwika kwa aliyense amene anaonerapo chisankho cha chipulula: ndalama zimene ovota amayembekeza kulandira ngakhale lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa, anyamata olembedwa ntchito yosokoneza mizere, ndi mawu otukwana amene mwamuna sanenedwa, ofunsa mkazi za banja lake ndi za thupi lake m'malo mofunsa za mfundo zake. Woyenera kuyankha zimenezi ndi mlembi wamkulu wa chipani chilichonse, ndipo msonkhano umene sunam'itane walasa pambali. Lamulo la mu 2013 limanena kuti polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 mwa 100 aliwonse, ndipo lamulo la malo a makolo la mu 2016 limafuna kuti mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa m'komiti ya malo, atatu kapena kuposa akhale amayi; kodi ndani amene amabwera ndi kaundula chaka ndi chaka kudzawerenga poyera maofesi ndi midzi imene yatsata ndi imene yanyozera?

Ndinene pano mwapadera, kwa iwo amene amati utsogoleri wa amayi n'chinthu chobwera ndi azungu, kuti ayambe afunsa agogo awo. Pa kachisi wa ku Msinja amene ankapempha mvula m'malo mwa mtundu wonse anali Makewana. Ufumu wa Kalonga unkatsata mimba ya Nyangu. Ndipo kufikira lero m'midzi yambiri ya Achewa mfumu siilongedwa amayi aakulu a mbumba asanaloze munthu. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, mfumu yaikazi, pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera atsikana ku sukulu, inagwiritsa ntchito mphamvu ya bwalo lomwelo la makolo, kufikira kutsitsa nyakwawa zimene zinkalekerera mchitidwewo.

Tsono tifike pa umoyo, pamene mtima wanga umalemera koposa. M'misonkhano ya m'mahotela nkhani imeneyi imakonda kukhala ya kadyedwe kochepetsa thupi, masewero olimbitsa thupi m'mamawa, ndi kupeza nthawi yopuma. Ndipo kwa mayi wa mu ofesi, amene matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akum'zinga, uwu ndi uphungu woona, umene sindiupeputsa. Koma kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi, ndipo dziko lathu lili pakati pa maiko okanthidwa koposa pa dziko lapansi. Chonsecho kuyeza kwake kumatenga mphindi zowerengeka, namwino atapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana ngati pali poyera, ndipo pakapezeka potere, nthawi zambiri pamatheka kuthandizidwa tsiku lomwelo nthendayo isanazike mizu. Katemera woteteza atsikana ku kachilombo koyambitsa khansayi anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, koma alipo makolo amene amabisa ana awo chifukwa cha mphekesera yakuti amatseka kubereka, ndipo mphekesera yotere simathetsedwa ndi wokamba Chingerezi mumzinda. Amaithetsa namkungwi kapena mayi wa mpingo amene anthu amam'khulupirira. Alipo amayi amene anavulala pobereka kotero kuti mkodzo umangotuluka, amuna nawathawa, anzawo nawasala, osadziwa kuti ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo okonzera vuto limeneli. Alipo amene amagona pansi pa bedi la wodwala m'chipatala milungu yathunthu, akuphika pa mafuwa kunja kwa mpanda, pakuti wodikirira odwala pafupifupi nthawi zonse amakhala mkazi; alipo amene maso ndi chifuwa zatha ndi utsi wa nkhuni; ndipo alipo amene, atachira, amagwidwa ndi chisoni chosadziwika chiyambi chake, apabanja nati n'ulesi kapena ufiti, pamene thandizo la matenda a maganizo, kupatula ku Zomba ndi kwa a St John of God, n'losowa ndithu. Ndalama imene imalipira chipinda ndi chakudya cha tsiku limodzi ku nyanja ikhoza kuimika chihema cha anamwino pabwalo la sukulu, ndi kuyeza amayi a midzi ingapo.

Adzati ena, kodi amayi a kumudzi tingawasonkhanitse bwanji, popeza ali balalabalala ndipo alibe nthawi? Yankho lake n'lakuti anasonkhana kale. Amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano, a Dorika, Amayi Akatolika ndi magulu a amayi achisilamu amakumana mosadumphitsa, ali ndi apampando, alembi ndi asungichuma awo, ndipo akhala akutero kwa mibadwo ingapo popanda wowapatsa ndalama ya mayendedwe. Amayendera odwala, amaphika pamaliro, amasonkha za amasiye, ndipo m'menemo ndi m'mene akazi ambiri a dziko lino anaphunzirira kuimirira ndi kulankhula pagulu. Wokonza msonkhano amene angadzichepetse, nakagogoda kwa amayi ameneŵa, kwa mafumu ndi kwa makomiti a m'misika, nadzera pa wailesi za m'madera kuti wotsala pakhomo amve nawo, adzapeza khamu limene hotela iliyonse singalikwane. Chimodzi chokha asabwere nacho, ndicho chizolowezi cha maalawansi, chimene chaononga kale misonkhano ya m'maofesi, kotero kuti anthu amayamba afunsa za envulopu asanafunse za mutu wa nkhani. Kukalowetsa chizolowezi chimenechi pakati pa amayi amene akhala akutumikira mwaulere kungakhale kuwalanda chinthu cha mtengo wapatali.

Ndipo akafika kumeneko, atengereko mwambo umodzi umene magulu onsewa amausunga, wakuti msonkhano suyamba mlembi asanawerenge zimene zinagwirizanidwa pa msonkhano wapita, ndi kufunsa yense amene analonjeza ngati wachita. Msonkhano wa chaka chino utuluke ndi mapempho awiri kapena atatu olembedwa, lililonse lili ndi dzina la ofesi yoyenera kuliyankha ndi mwezi wake; ndipo chaka chamawa, nyimbo ndi pemphero zikatha, bwanamkubwa, mkulu wa khonsolo kapena nduna imene inalandira pempholo ipatsidwe mpando kutsogolo, nifotokozere amayi a pamsika, m'chinenero chawo, pamene ntchitoyo yafika.